Katoni Imene Mayi Tochi Anakana

Azakhali anga anayamba kugulitsa matochi ndi mabatire ine ndisanamere mano. Okala imene ankagulitsiramo si yawo, ndi ya alamu awo, koma alamuwo amawadziwa ndani? Aliyense amangoti kwa Mayi Tochi.

Wogulitsa matochi ali ndi chizolowezi chake: asanapereke katundu, amayatsa n'kusuzumira kuti aone ngati ikuyaka. Tsiku lina kasitomala anabwera ndi kanthu kowonda ngati cholembera, kaja amati leza, kotulutsa kadontho kobiriwira. Ankafuna mabatire. Azakhali anaikamo mabatire n'kusuzumira monga mwa masiku onse. Sanamve n'kuwawa komwe. Pakapepala ka lezayo panalembedwa kuti n'kopanda mphamvu kwenikweni, bodza lankunkhuniza. Mpaka lero akayang'ana ndi diso lamanzere, munthu amamuona wopanda mphuno, pakati pa nkhope pali bii. Kuchipatala anawauza kuti pamene panapsa papsa basi.

Ndiye chaka chatha alamu aja anatulukira ndi katoni yodzaza ndi timaleza tomweto. Akuti ana asukulu akutifuna koopsa, ndipo kowala kwambiri ndiye koyenda malonda. Azakhali anatenga kamodzi n'kuunika pa jumbo yakuda. Posakhalitsa jumbo ija inafuka utsi n'kubooka. Katoniyo anaikankhira panja ndi phazi.

Alamu anayamba kulalata, amvekere okala ndi yawo, wosafuna kugulitsa atuluke lero lomwe, ofuna ntchito ali mbwee. Ine ndinachita mantha, chifukwa azakhali analibe pena pogwira. Ndinawanong'oneza kuti angogonja. Anandiyang'ana ngati ndawabera.

"Alamu, katengeni mwana wanu wamng'ono uja timuunike kaye m'maso," anatero modekha. "Akapanda kuvulala, katoni yonseyi ndigulitsa ndekha."

Koma alamu manyazi sanawagwire. Anatambasula dzanja kufuna makiyi. Azakhali anapereka, n'kunyamula kampando kawo.

Pano amayala katundu pa chiguduli m'mbali mwa msewu, dzuwa lili pamutu. Mkulu wawo, mkazi wa alamuwo, anasiya kuwalankhula. Tsiku lina mvula itanyowetsa mabatire, ndinawafunsa ngati sakudandaula.

"Ndikudandaula, nanga ndine mwala?" anandiyankha, uku akupukuta batire ndi nsonga ya nsalu. "Koma mwana wa munthu sadzapsa diso ndi chinthu chochoka m'manja mwanga."