Chitini cha Mvula ku Chinsapo

Amuna anga anali pulofesa wa zanyengo ku yunivesite, munthu woti ukamalankhula naye maso ali kumitambo. Kuseri kwa nyumba yathu ku Chinsapo anazika chitsulo, pamwamba pake n'kumangirira chitini choyezera mvula. M'mawa uliwonse, asanasambe n'komwe, ankapita kukaona madzi amene agweramo. Ine ndinkawanena: "Anzanu akuweta nkhuku, inu mukuweta chitini!" Ankangoseka.

Loweruka ophunzira awo ankadzaza pakhonde n'kundithera zitumbuwa. Panali mtsikana wina wa ku Kawale amene amuna anga ankamutenga ngati mwana wawo. Kafukufuku wake anali wa mvula ya m'tauni muno, ndipo ankadalira chitini chomwecho, poti chizikireni sichinaphonyepo mvula ngakhale imodzi.

Chaka china mvula inagwa msanga, anthu n'kuthamangira kudzala m'timinda tawo. Amuna anga, pakamwa paja posasunga mawu, anauza azibambo pamaliro penipeni kuti, "Musadzale, mvulayi idula." Inaduladi. Chimanga chinamera bwinobwino n'kupserera chili m'mawondo.

Basi nkhani inabuka pampope. Iwowa anadziwa bwanji? Nanga chitini choyang'ana kumwamba chija n'chachiyani? Akumanga mvula! Amayi oyandikana nafe, amene tinkapatsana mchere ndi moto, anasiya kundiyankha moni. Kenako miyala inayamba kugwa padenga, masanasana.

Tsiku lina anabwera chigulu, amayi aja patsogolo.

"Abambo, chotsani chinthucho," anatero. "Ana athu adya chiyani?"

Sankakalipa ayi, misozi inali mbwee. Amuna anga anayamba kufotokoza za mphepo yachinyezi yochokera ku Kongo ngati ali m'kalasi, nawapempha kuti angodikira pang'ono, mvula ili pafupi. Koma ndani akanamva? Azibambo ena kumbuyo anali ndi zidutswa za njerwa m'manja. Ine magazi anali atawira, ndinkafuna kuwalalatira onsewo. Amuna anga anandiyang'ana, anayang'ananso mawindo athu, n'kukatenga khasu. Chitsulocho anachizula okha.

Anthu atabalalika anakhala pansi, thukuta lili kamukamu. "Mayi," anandiuza, "choipa n'chakuti igwadi mawa."

Inagwa. Chimvula chake, ngalande zonse kusefukira, azimayi kululutira m'misewu. Amuna anga anangokhala pakhonde, chitini chouma chili pamiyendo. Mtsikana uja anatsika minibasi n'kufika atanyoweratu, akuseka, sakudziwa kanthu.

"Aphunzitsi, yagwa yochuluka bwanji?"

"Sindikudziwa, mwananga."

Zaka zonse za banja lathu ndinali ndisanawamvepo akuyankha choncho pa nkhani ya mvula. Mtsikanayo anasuzumira kuseri, anaona dzenje lodzaza madzi pamene panali chitsulo, n'kukhala pansi osafunsanso. Zimandiwawa mpaka lero.

Mvula itakata, amayi aja analowa pageti. Ndinaganiza kuti abwera kudzapepesa, ndipo ndinali nditakonzeka kuwakhululukira. Anagwada patsogolo pa amuna anga mwaulemu wonse, mawondo m'matope.

"Zikomo abambo," anatero, "potimasulira mvula."

Amuna anga anandipatsira chitini chija kuti ndikaike m'nyumba, ndipo mpaka kumwalira kwawo sanachifunsenso.