Ndavomera kilatchi yondikanika

Mwaswera bwanji abale nonse.

Lero bambo a Tadala ananditenga ku galaja ku Chirimba kukasankha kilatchi ya galimoto yawo yothamanga ija. Amakaniko anatulutsa ziwiri: yofewa ya masiku onse, ndi yolimba ya mipikisano yoyendera limodzi ndi fulayiwilo yopepuka, chitsulo chozungulira cha ku injini. Anachenjeza kuti yolimbayo imazimitsa galimoto pachitunda ngati mwendo sunazolowere.

Bambo a Tadala mtima unali pa yolimbayo. Amakaniko anati, "Opita ndi mwana kusikelo ndi mayiwa. Ayese kaye."

Anandikhazika m'galimoto ina ya kilatchi yoteroyo. Ndinaponda ndi mphamvu zanga zonse mpaka nsapato inavuka. Azibambo anayi anali atandizungulira.

"Zili bwanji, mayi?" anafunsa amakaniko.

"Zili bwino," ndinatero chifukwa cha manyazi.

Kilatchi yolimbayo aimanga mawa m'mawa. Mwendo ukuwawabe, ndipo ndikungoganiza galimoto itandizimira pachitunda cha ku Chilomoni, Tadala akulira kumbuyo, maminibasi akundiimbira mahutala. Ndatopa nazo.

Achimwene, inu bambo a Tadala amakumverani. Muwaimbira ndinu, kapena ndilimbe mtima ndiwauze ndekha kuti ndinanama?