Masiliva a Tadala

Ndinaganiza zopita ku Joni ndili pamzere wa sikelo, dengu la tiyi lili kumsana. Kapitawo anali atangolengeza kuti masamba achepa, ife aganyu tikapume kunyumba mpaka mvula idzagwe. Chinali chaka chachisanu ndikumva mawu omwewo. Bambo ake a mwana wanga mmodzi yekhayo, Tadala, anali atalowera ku Mozambique osabwerako. Mwanayo ndinamusiya ali ndi zaka zisanu m'manja mwa achemwali anga a Feliya, kwa Goliati, n'kumuuza kuti ndibwera pa Khirisimasi. Ndinakatha zaka zisanu ndi ziwiri.

Lero anthu akandifunsa kuti ku Joni n'kotani, ndimasowa chowauza. Ine ndinaona khitchini ya abwana, chingwe choyanikapo zovala ndi kachipinda kanga kuseri kwa galaja. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, koma pafoni ine ndi mwana wanga tinalibe chokamba. "Uli bwanji?" "Bwino." "Kusukulu?" "Bwino." Kenako mapazi pha pha pha, wathawira kosewera. Ndinkatsala foni ili kukhutu, ndikumvetsera nkhuku za kwathu mpaka achemwali atadula.

Chaka chachiwiri ndinamutumizira jekete la kaunjika kudzera kwa a Twaibu, adalaivala omwe ankatinyamulira katundu ife a ku Thyolo. M'thumba munatsalira faifi randi yachitsulo, ine osadziwa. Patapita milungu iwiri kunabwera uthenga wa mawu. Anali Tadala, akupuma wefuwefu: "Amama, ndapeza ndalama ya mitundu iwiri! Pali chinyama cha nyanga. Ndi ng'ombe? Mumaziona kumeneko?"

Uthengawo ndinaumvetsera mobwerezabwereza ndikusita malaya a abwana. Kanali koyamba kuti andifunse kanthu. Dzina la nyamayo sindinkalidziwa. Ndinachita kukafunsa mzimbabwe wosamala maluwa, iye n'kundiuza kuti ndi nyumbu.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka wopemphetsa masiliva. Ndinkapempha kwa mzimbabweyo, kwa mayi wina wa ku Lesotho amene tinkakumana pasiteji Lamlungu, kwa aliyense wolankhula chilendo. Ndinkawasokerera mumpendero wa chovala chilichonse chopita kumudzi. Achemwali ankadandaula: "Mwamuyambitsa misala mwanayu. Tikamutuma sopo amaima panjira kuyang'anitsitsa chenji, ife tikudikira ndi zochapa." Ine ndinkaseka. Foni inayamba kutalika, koma nkhani inali ya masiliva basi. Iye sananenepo kuti wandisowa, nanenso sindinamuuze kuti mawondo ayamba kutupa.

Abwana atasamukira kunja, ntchito ina sinapezeke. Mapepala okhalira m'dzikomo anali atatha, thupinso litatha. Ndinakwera basi ndi zikwama ziwiri. Pakhomo pa achemwali panatuluka mtsikana wamtali, anagwada, n'kulandira chikwama. "Mwayenda bwanji?" Anandilonjera bwino kwambiri, monga timalonjerera abusa.

Titadya, Tadala anabweretsa chitini cha mabisiketi n'kuyala chitenje pakhonde. Ndalama iliyonse inali yokulunga m'kapepala ka m'kope, pamwamba atalembapo dzina la amene anamupatsa. Anayamba kumasula imodziimodzi, ndipo nkhope yake inatseguka.

"Iyi yoboola pakati ndi yakalekale. Anandipatsa anesi a ku mishoni nditagonekedwa ndi malungo."

"Unagonekedwa liti?" ndinafunsa.

Achemwali, omwe ankapeta nandolo pambali, anayankha osadzutsa mutu: "Ali sitandade fili. Tikanakuuzani mukanatani muli kutaliko?"

Tadala anapitiriza. Ya ku Mozambique anamupatsa a Twaibu atakhoza mayeso. Tambala wakuda ndi dothi anamutola m'mizere ya tiyi, akukaperekera chakudya amayi. Ndinachedwa kuzindikira kuti amayi akunenawo ndi a Feliya. Panali ya aphunzitsi, ya agogo ogulitsa nthochi, ya mlonda wa pa esiteti. Mudzi wonse unali pachitenjepo. Zanga zinali zambiri kuposa za wina aliyense, zosamalidwa bwino, ndipo patimapepala take panalembedwa kuti "A ku Joni".

Atatha anandiyang'ana mwaulemu. "Mupitanso liti? Ya ku Botswana ndilibe."

"Sindipitanso, mwana wanga."

Anayang'ana achemwali, n'kuyang'ana kanyumba ka zipinda ziwiri kamene aliyense anali kale ndi pake. "Ndiye muzigona kuti?"

"Agona ndi iwe mpaka tione," anatero achemwali.

Patha miyezi itatu tsopano. Ndalembetsanso dzina ku esiteti, ndikudikira mvula pamodzi ndi anzanga akale, omwe sanadabwe n'komwe pondiona pamzere. Tadala anasunthira mkeka wake kukhoma, n'kundisiyira mbali ya kuchitseko, kumene timagoneka alendo. Ndikugonabe komweko.