Kugwada kwanga sikunali kupemphera

Ululu unayamba mu Febuluwale, titangolowa nyengo ya Lenti. Unali pamwamba pa mchombo, m'kati mwenimweni, ndipo unkaboola mpaka kumsana. Ndinali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri. Ndimalima kachewere ndi kabichi kufupi ndi Bembeke, ndipo munthu wokankha matumba panjinga m'zitunda zathu zino sadabwa msana ukamawawa. Ndinagula mapilitsi pagolosale n'kupitiriza ntchito.

Ndinazindikira msanga kuti ndikagona chagada ululu unkakula, koma ndikawerama unkachepa. Ndiye ndinayamba kuwerama. Kumunda ndinkapalira mpaka dzuwa kupendeka, chifukwa kuweramira khasu kunali bwino kusiyana ndi kukhala pampando. Koma mpumulo weniweni ndinaupeza kutchalitchi. Ndikagwada n'kutsamiritsa mphumi pa benchi yakutsogolo, ululu unkatsala pang'ono kutheratu. Misa ikatha anthu ankatuluka, ine n'kutsala pomwepo, nthawi zina ola lathunthu.

Kunena zoona, sindinali munthu wa mapemphero. Kale ndinkaima panja kukambirana za feteleza, n'kulowa ulaliki utatha. Anthu ataona kusinthaku anati Mulungu wandigwira. Nditayamba kuwonda anati ndikusala kudya. Pasaka itadutsa, a mumphakati wathu anandisankha kukhala wapampando, ndipo sindinakane. Ulemu umakoma, makamaka kwa munthu amene sanaulawepo. Zimandichititsa manyazi mpaka lero. Ndinkadziwa chimene chinkandigwaditsa, koma ndinakhala chete miyezi inayi.

Mkazi wanga, Nangozo, sanapusitsike. Anaona kuti ndaboola mabowo awiri atsopano pa lamba, komanso kuti ndikumwa madzi ngati ng'ombe m'nyengo yozizira ya Juni. Tsiku lina anangoika buku langa la kuchipatala patebulo n'kunena kuti, "Kupemphera kotani kovula munthu buluku? Mawa tikupita kuboma."

Kuchipatala tinafika m'mawa, n'kukhala pamzere mpaka cha m'ma leveni. Anandibaya chala ndipo anapeza shuga wokwera kwambiri. Namwino wina, mayi wachikulire, anali atandiona pabenchi nditapinda thupi, chifuwa chili pamaondo. Anandifunsa ngati ndimakhala chonchi nthawi zonse. Pamenepo ndinafotokoza zonse, koyamba.

"Shuga woyamba mwadzidzidzi pa msinkhu wanu, kuwonda, ndi ululu umene umachepa mukawerama, zimenezi sitingokupatsani mapilitsi ayi," anatero.

Anandijambula m'mimba, kenako anandilembera kalata ya ku chipatala chachikulu ku Lilongwe. Kumeneko ndinadikira milungu itatu kuti ndilowe m'makina ojambula thupi. Zotsatira zitatuluka, adokotala anatiitana tonse awiri, ine ndi Nangozo. Anati muli chotupa cha khansa mu kapamba, kachiwalo kokhala kuseri kwa chifu kamene kamathandiza kugaya chakudya ndi kuwongolera shuga. Anajambula papepala n'kufotokoza mosathamanga.

"Chotupa cha mtundu uwu chimakhala cholimba, magazi salowamo okwanira, ndiye chimakhala ndi njala. Chimakopa minyewa yoyandikana nacho kuti imere kulowa m'kati mwake. Ofufuza akupeza kuti minyewayo imatha kuchipatsa zina mwa zakudya zimene chikusowa, ndipo icho chimayenda motsata minyewa yomweyo. Ululu wa kumsanawo ndi minyewa imeneyi. Mukawerama, chotupa chimaleka kuipsinja."

Ndinamva bwino, chifukwa kaufiti ndimamudziwa. Amamatirira ku mizu ya chimanga n'kumayamwa pansi, mwinimunda akuona ngati vuto ndi mvula. Adokotala anawonjezera kuti pafupi ndi kapamba pamadutsa mtsempha waukulu wa magazi. Chotupa chikauzungulira, opaleshoni siitheka, amangochepetsa ululu basi. Changa chinali chitayandikira koma chisanaukhudze.

Anandigoneka mu Julayi. Tsiku la m'wodi ndi limodzimodzi: kuyezedwa kutentha kwa thupi m'mamawa, phala, madokotala kuzungulira mabedi, kenako kudikira. Nangozo ankagona kumalo a osamalira odwala ndipo ankabwera ndi madzi osamba. Kawiri konse anandiletsa kudya, n'kundiveka chovala cha kuopaleshoni, koma kunabwera anthu a ngozi zapamsewu ndipo ndinabwezedwa. Sindinakwiyire munthu. Ndinkangowerengera kuti masiku khumi ndi awiri amene ndachedwa m'chipatalawa ndi ochepa poyerekeza ndi miyezi inayi imene ndinataya ndekha. Mantha ndinali nawo. Ululu ukabwera ndinkadziwa tsopano kuti chinthucho chikudya.

Opaleshoni inachitika kumayambiriro kwa Ogasiti ndipo inatenga maola asanu. Anachotsa mbali ya kapamba pamodzi ndi minyewa ina yozungulira. Mtsempha uja anaupeza uli bwino. Patatha masiku anayi ndinagona chagada osamva kubaya kumsana, bala lokha ndi limene linkapweteka. Kenako ndinalandira mankhwala a khansa a m'diripi kwa miyezi isanu ndi umodzi. Ankandisanzitsa, ndipo nsonga za zala zinachita dzanzi moti ndinkalephera kumanga mabatani. Chaka chimenecho munda analima Nangozo ndi achimwene ake.

Tsopano papita chaka ndi miyezi isanu chichitikire opaleshoni. Ndimadzibaya jakisoni wa shuga kawiri patsiku, ndimadya pang'onopang'ono, ndipo miyezi itatu iliyonse ndimakwera minibasi kukayezetsa. Adokotala sananenepo kuti ndachira. Amati pakadali pano sakuona kanthu, ndiponso sabisa kuti khansa yotsata minyewa imakonda kubwerera. Ndikulima theka la munda. Upampando ndinatula, ndipo ndinawauza a mumphakati chifukwa chake chenicheni. Ena anaseka, ena sanakondwe. Kutchalitchi ndimalowa nthawi yabwino tsopano, koma Misa ikatha ndimatuluka ndi anzanga.

Langizo langa ndi lalifupi. Ululu ukakuphunzitsani kakhalidwe kachilendo, kagonedwe kachilendo, kapena ukakuchotsani thupi, pitani kuchipatala mwezi womwewo, ndipo mukanene zonse, ngakhale zooneka zopusa. Inunso achibale, musafulumire kuyamikira munthu amene wasintha mwadzidzidzi. Yambani mwamufunsa.

Lamulungu lapitali, anthu atatuluka, ndinaona mayi wina wa kumudzi woyandikana nafe atatsala yekha, mphumi ili pa benchi, dzanja limodzi litagwira m'chiuno. Ndinaima pakhomo kanthawi, chifukwa kusokoneza munthu wopemphera si khalidwe. Kenako ndinabwerera n'kukhala pambali pake.

"Pepani mayi, mukupemphera kapena penapake pakuwawa?"

Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana.

"Mwadziwa bwanji?"