Kadontho Kofiira pa Habu

Cha m'ma sikisi koloko m'mawa, anzawo asanagwire n'tsache lomwe, Mayi Sampulo anali atakhala kale pa kampando kuseri kwa nyumba, beseni la palafini lili pakati pa miyendo. Ankatsuka tcheni cha njinga yamoto ndi mswachi wakale, mfundo imodziimodzi. Chitayera anachiyanika pa nyuzipepala, n'kutenga habu, chitsulo chapakati pa gudumu lakumbuyo. Atangoitembenuza m'manja, kachitsulo kosongoka ka m'mphepete mwake kanawacheka chala chachikulu, malo omwe aja kamawacheka nthawi zonse. Anayamwa chalacho, analavula, n'kupitiriza.

Dzina loti Sampulo anawapatsa ndi ogulitsa masipeyala. Njinga ya amuna awo inali yakale kwambiri moti ngakhale dzina la pa thanki linafufutika, ndipo amene ankapanga mtundu umenewo anasiya kalekale. Chitsulo chikatha, panalibe zolowa m'sitolo n'kungotchula dzina. Pankafunika kunyamula chakuthacho n'kumachiyerekeza ndi za njinga zina mpaka chipezeke choyandikira. Wonyamula anali iwo. M'chikwama chawo chakutchalitchi munkanunkha oyilo.

Amuna awo ankakonza makina osokera. Ankazungulira kwa matelala a m'tauni ndi a m'misika yakutali, bokosi la zida lili kumbuyo, ndipo banja lonse linkadya za njingayo. Pa ntchito anali munthu wa manja abwino, koma sankakhulupirira munthu. Amati zaka zakumbuyo makaniko wina anawasinthira kabuleta yabwino n'kuwaikira yotopa. Kaya zinachitikadi, palibe akudziwa, koma kuyambira pamenepo chilichonse chobwera kuchokera m'manja mwa wina ankachizunguza pamaso n'kunena kuti, "Si chomwechi." Anthu anangowatcha a Sichomwechi.

Ndiye anapeza nzeru. Chitsulo chilichonse cha njingayo chinkaikidwa kadontho ka kyutekisi wofiira, utoto wa m'zikhadabo uja, chifukwa palafini ndi petulo sizimuchotsa msanga. Botolo loyamba linali mphatso imene Mayi Sampulo analandira kwa mng'ono wawo, koma silinakhudzeko chikhadabo chawo n'chimodzi chomwe. Maso a bambowo atayamba kuchita chifunga, ntchito yodonthezayo inagweranso mayiwo, pamwamba pa kutsuka, kupukuta, kugwira tochi ndi kufunafuna manati ogwera mu udzu. Anthu akamayamikira kuti njinga ya a Sichomwechi sikalamba, bambowo ankasisita thanki n'kunena kuti, "Chinsinsi chake n'kusamala." Mayiwo ankangoyang'ana zikhadabo zawo zakuda.

Ulendo uno chimene chinatha ndi giya ya tcheni, kagudumu ka mano kamene kamamangidwa pa habu. Mano ake anasongoka ngati minga, tcheni n'kumadumpha. Njinga inakwezedwa pa njerwa m'chipinda chochezera, pomwe pankayenera kukhala tebulo. Matelala anayamba kuimba foni, kenako anasiya kuimba. Zinamveka kuti kuli wokonza makina wina, wa njinga yatsopano yonyezimira, amene wayamba kudutsa m'misika yomwe ija. Makasitomala a zaka zambiri ankachoka mmodzimmodzi.

Mayi Sampulo anayenda ndi giya yakuthayo mpaka nsapato inang'ambika chidendene.

"Mayi Sampulo afika!" ankakuwa ogulitsa akawaona. "Lero mwatibweretsera chiyani cha m'chingalawa cha Nowa?"

"Ingoyang'anani, achimwene. Muli nayo yotere?"

"Tapatseni kuno ndikaone kumbuyo."

"Ionereni m'manja mwangamu."

Zimenezi anaphunzira kwa amuna awo: sampulo sichoka m'dzanja. Mapeto ake giya yofanana anaipeza kwa wogula zitsulo zakale kumalire a tauni, pansi pa mulu wa zitseko za magalimoto. Atayala tcheni pamwamba pake, chinakhala bwinobwino pa dzino lililonse. Vuto linali mabowo a mabawuti, amene sankagwirizana ndi a habu yawo. Pankafunika kuboola ena, ndipo m'tauni monse munali mmisiri mmodzi yekha wa makina osemera zitsulo amene ankavomera tintchito tovuta ngati timeneti. N'chifukwa chake m'mawa umenewu ankatsuka habu, kuti ipite kwa amisiriwo pamodzi ndi giya.

Asanaikulunge, a Sichomwechi anatuluka ndi magalasi awo.

"Kadontho kalipo, mayi?"

"Ndi aka, abambo."

"Musaisiye kumeneko. Aboole mukuona."

Koma amisiri, bambo wamfupi wa ovolosi yodulidwa manja, anapukusa mutu. "Mayi, imeneyi si ntchito yoimirira. Ndikalakwitsa pang'ono, gudumu lizivina. Siyani zonse ziwiri, mubwere Lachisanu." Mayi Sampulo anazisiya, mtima uli m'mwamba. Potuluka anaona pakona njinga ina yofundikidwa ndi chilona, ndipo anaizindikira ndi thanki. Inali ya abusa ena opuma ntchito, yokhayo m'chigawo chonse yofanana ndi yawo. Gudumu lake lakumbuyo linali litachotsedwa.

Akanatha osanena. Koma kunyumba anafunsidwa kuti aona chiyani, ndipo ananena.

A Sichomwechi sanadikire Lachisanu. Lachitatu anavala jekete n'kutsogola, mayiwo akutsatira ndi chikwama. Anapeza habu ili pa benchi, yoyera ngati mbale yatsopano, giya itabooledwa mabowo ena, ena asanaboole. Bambowo ananyamula habuyo, kuitembenuza, kuiyandikitsa pa magalasi, kupita nayo padzuwa.

"Si yomweyi."

"Mukuti chiyani, akulu?" anafunsa amisiri akuzimitsa makina.

"Kadontho kanga kali kuti?"

"Kadontho kanji? Ine ndatsuka kuti ndione polemba mizere."

"Mwatsuka! Nanga ya abusa ili kuti? Tavundukulani chilonacho tione ngati kadontho kanga sikakupemphera kumeneko."

Makasitomala amene ankadikira pa benchi yapanja anaseka. Amisiri sanaseke. Anapukuta manja pang'onopang'ono, anatenga habu ndi giya, n'kuziika m'manja mwa Mayi Sampulo, osati mwa mwini wake.

"Njinga ya munthu wina sindivundukulira aliyense. Tengani zitsulo zanu. Wonditcha wakuba pamaso pa anthu abwere yekha adzanene pamaso pa anthu kuti analakwitsa. Osatuma mayiwa, atopa kale."

"Ndikaona kadontho kanga ndidzabwera chokwawa!" anatero a Sichomwechi ali kale panja. "Koma sindikaona, ndikudziwa ine."

Pobwerera, lamba wa chikwama ankadula phewa la mayiwo. Ankayenda kumbuyo, ndipo anadabwa kupeza kuti nawonso mtima wawo wayamba kulankhula ngati wa amuna awo. Bwanji amisiri anakana kuvundukula chilona? Bwanji anaumirira kuti zitsulo zigone kumeneko? Tsiku lija powalandira, kodi anawayang'ana m'maso? Anayesa kukumbukira, koma nkhope ya amisiri inkasintha nthawi iliyonse akaikumbukira. Kukhala ndi munthu wokayikira kuli ngati kukhala m'khitchini ya utsi: sudziwa kuti zovala zako zayamba kununkha liti.

Atafika anakhala pa kampando kawo kaja n'kutulutsa habu. Sanayambe ndi maso. Anaizunguza m'manja mmene amachitira potsuka, ndipo kachitsulo kosongoka kaja kanalowa pa bala la chala chachikulu ngati kiyi pa loko wake. Anaiyandikitsa pamphuno. Sinkanunkha palafini kapena petulo. Linali fungo lakuthwa, lozizira, limene ankalimva tsiku lililonse kudutsa mpanda, kuchokera ku saluni ya aneba awo akamafufuta zikhadabo za makasitomala. Amisiri anatsukira mankhwala osungunulira penti, ndipo kadontho kanapita ndi litsiro.

Analowa m'nyumba n'kupeza amuna awo atakhala pambali pa njinga, akuyang'ana foni yosalira.

"Abambo, habu ndi yathu yomwe ija. Taonani, yandichekanso pomwe paja. Ndipo tanunkhizani."

"Chala si umboni, mayi. Zitsulo zonse zimacheka."

"Nanga fungoli?"

"Wakuba wanzeru amatsuka zonse ziwiri." Anavula magalasi n'kuyang'ana mayiwo ndi diso la nkhwezule. "Koma inu mwayamba liti kuimira amisiri pa mlandu? Paja anati mwatopa. Anadziwa bwanji kuti mwatopa? Tsiku lija munakhalitsa kumeneko."

Zaka zonsezi Mayi Sampulo ankaganiza kuti m'dziko la akuba la amuna awo, iwo okha ndiwo anali ndi kadontho. Anatembenuka kuti atuluke.

"Ndiponso," anawonjezera bambowo, "muipake girizi isachite dzimbiri. Ndi umboni wanga umenewo."

Anaitenga. Munthu amene bambowo ankamukayikira ndi yemwenso ankamupatsa umboni kuti ausamale, poti girizi amadetsa manja.

Kuseri kwa nyumba anakhala nthawi ndithu habu ili pamiyendo. Anaganiza za giya yoboola theka, imene panalibe wina woimaliza. Anaganiza za njinga yonyezimira ija ikuima pa khomo la telala wina ndi wina. Amuna awo sakanapepesa chifukwa cha chala kapena mphuno ya munthu. Ankamvera kadontho basi. Ndipo amene ankaika timadontho tonse anali iwo. Bambowo ankangofunsa ngati kalipo, n'kuvomera akaona chofiira. Kuti mayiwo ankaika kamodzi kapena tiwiri, kunja kokha kapena m'kati momwe, sankadziwa.

Analowetsa chala m'kati mwa habu, kuseri kwa mphako ya beringi, kumene diso silifika popanda tochi. Kadontho kataikidwa kumeneko, kakauma, n'kupakidwa girizi wakale pamwamba, kangaoneke ngati kakhalako zaka. Mawa akanati, "Abambo, tabweretsani tochi, ndakumbuka kuti ndinaikanso kena m'kati." Anadzifunsa ngati limeneli ndi bodza. Mawuwo anali abodza, inde. Koma habu inali yawo, ndipo amisiri sanabe.

Anapita kuchipinda n'kutenga botolo la kyutekisi m'bokosi la zida. Chitsekero chinakana. Atachipotoza ndi pulayala, kabulashi kanatuluka kali gwa ngati kamtengo, utoto utauma pansi. Ankati agule lina mwezi watha, koma masiku onse anathera ku masipeyala.

Anamasula nati imodzi yakale yokhala ndi kadontho, anaimanga pa nsonga ya mpango, n'kuzungulira mpanda.

Aneba anali pakhonde la saluni, akuyanika matawulo. Anali mayi wanthabwala, wodziwa nkhani za mzere wonse wa nyumba.

"Asisi, mwasowatu! Njinga yadzuka?"

"Ikadali mtulo." Mayi Sampulo anayang'ana kumbuyo, kumpanda, n'kutsitsa mawu. "Muli naye kyutekisi wofiira?"

Aneba anaimika thawulo m'malere. "Inu? Kyutekisi? Zaka zonsezi ndikukuitanani kuti ndikukonzeni manja mwaulere, inu kukana. Lero mwabwera monong'ona, mukucheuka. Kuli ndani, asisi? Tandiuzeni, ine pakamwa panga ndi pa loko."

"Kulibe munthu."

"Onse amatero. Khalani pansi, zikhadabo zimenezi zifunika kuviika kaye, zili ngati za makaniko."

"Si wa zikhadabo." Anamasula mpango n'kuonetsa nati ija pachikhatho. Aneba anaiyang'ana, anayang'ana nkhope ya mnzawo, n'kulowa m'kati. Anabwera ndi kabasiketi ka mabotolo. Mayi Sampulo anawanyamula limodzilimodzi, kuyandikitsa pa nati, kupita nalo padzuwa. Lina linali lowala kwambiri, lina lopita ku pinki, lina la tinyenyezi. Pansi penipeni panali lina lotsala pang'ono, lofiira ngati magazi ouma. Analiika pambali pa kadontho, ndipo anapuma.

"Ndibwerekeni ili, aneba, ndibweza dzuwa lisanalowe. Ndipo abambo akadzakufunsani, chifukwa adzafunsa ndithu, munene kuti ndinabwera kudzapempha machesi."