Mlembi Wotemberera Mano

Mlembi wokalamba wa ku Tarnovo amalemba mabuku pamanja, pazikopa za nkhosa, ndipo lililonse amalitseka ndi temberero: “Wotulutsa bukuli m'nyumba muno, mano ake agweluke onse.”

Dragomir, mnyamata wophunzira amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Venice, amamuseka. “Agogo, kunjaku makina amadinda mabuku osaopseza munthu.”

Tsiku lina denga la mkuluyo linagwira moto.

“Mabuku anga, anthuni!” anakuwa, iye mwini ataima patali.

Dragomir anathamanga, koma atafika pakhomo anaima, lilime likuyendera mano ake.

“Choka apa, wophunzira iwe!” anatero gogo Velika, mnansi wa mlembiyo, akumukankha. Gogoyo analowa m'nyumbamo n'kutuluka atasenza mabuku onse, akuseka ndi usinini wokhawokha. “Alembi, ine mano anandithera kalekale!”

Masiku ano mkuluyo amatemberera maondo.