Laputopu ya malemu Esinati

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amalume. Nditamaliza kosi ya makompyuta m'tauni, ndinakhala chaka chathunthu pakhomo ku Mitundu ndikusoka fodya ndi amayi, setifiketi ikudyedwa ndi mphemvu m'sutikesi. Amalume ankapemphera mpingo umodzi ndi bambo Chimphepo, amene anali ndi kashopu kuseri kwa msika. Anandiperekeza okha, ndipo pondiyamikira anati, "Uyu ndi mtsikana waulemu, sayankha akuluakulu." Ndinayamba tsiku lomwelo.

M'shopumo tinkapanga fotokope, kuthira nyimbo m'mafoni ndi kukonza malaputopu. Zida zathu zinali masikuludiraiva atatu, bulashi yochotsera fumbi, hadi diraivi imodzi yodzaza mafilimu, ndi fulashi ya Windows imene abwana ankaimangirira kumakiyi awo. Mankhwala awo anali amodzi pa matenda onse, kufomata, ndiko kupukuta zonse n'kuika Windows yatsopano. Laputopu ikachedwa, fomata. Ikalira, fomata. Iliyonse yodutsa m'manja mwawo ankaigawa pawiri, C ya mapulogalamu, D ya katundu wa mwini wake, kotero kuti ikabweranso ankangopukuta C osakhudza D. Pomaliza ankathiramo nyimbo ndi mafilimu ngati banyira. Anthu ankawakonda chifukwa cha banyirayo.

Mwezi wanga wachitatu, tsiku la msika, kunabwera mayi wina wa ku Nathenje, a Nabanda, atakulunga laputopu m'chitenje. Abwana anali atatuluka. Laputopuyo inali ya mwana wa mayiwo, Esinati, mphunzitsi amene anamwalira chaka chapitacho. Banja linkakonza zomumangira chiliza, ndipo mmisiri wa ku Mitundu kuno anafuna chithunzi choti aikepo. Foni ya malemu inasowa pamaliro pomwe. Zithunzi zake zonse zinatsala m'laputopumo.

Vuto lawo linali kabokosi. Akangoyatsa, kankatulukira pakati penipeni, kakuuza munthu kuti akonzenso pulogalamu yoteteza kompyuta imene inabwera ndi makinawo kuchokera kusitolo. Ukakatseka, kankabweranso pakapita mphindi zochepa. Mayiwo Chingerezi sankachidziwa.

"Ndimaopa kudina, mwana wanga," anatero. "Mwina ndingamufufute."

Ndinawatsegulira zithunzizo kuti mtima ukhale pansi. Esinati pa ukwati wa mnzake, Esinati ali ndi ana a sukulu, Esinati akuseka atanyamula dzungu. Mayiwo anati apite kaye kwa mmisiri uja, akabwerako asankhe chimodzi.

Ntchitoyo ndinkaidziwa. Ndinalowa mu Control Panel, ndinachotsa pulogalamuyo, ndinapita ku Task Manager n'kuzimitsa zonse zake zodzuka pamodzi ndi makina. Ndinaona kuti laputopuyi sinagawidwe, zonse zinali mu C. Ndinaganiza zokopera zithunzi mu hadi diraivi, koma inali yodzaza, ndipo kufufuta mafilimu a abwana ndinaopa. Nditazimitsa n'kuyatsanso, kabokosi kaja kanatulukanso. Mapulogalamu oterewa amasiya kanthu kena kobisala mu Task Scheduler kamene kamawadzutsa nthawi yake ikakwana. Lero ndimapita pomwepo osaganiza n'komwe. Tsiku limenelo ndinali ndisanafikeko pamene abwana analowa, anthu asanu a fotokope ali pamzere.

"Ola lathunthu pa kabokosi? Bweretsa kuno. Pita ku makinako."

"Muli zithunzi za eni ake," ndinatero.

"Zithunzi zimakhala ku D."

Ndinkadziwa kuti D kulibe. Koma pamzerepo panali akuluakulu awiri a kumpingo kwa abwana, ndipo kuwatsutsa abwana pamaso pa anthu amenewo kunandikulira. Ndinadziuza kuti aona okha ikafika pogawa disiki. Ndinatembenuka n'kuyamba kupanga fotokope ziphaso za anthu, khutu lili kumbuyo. Ndinamva makiyi akulira pamene ankalowetsa fulashi. Sanaone kanthu. Manja awo ankaidziwa njira imeneyo kuposa maso, ndipo ankadina akucheza za mitengo ya fodya ku okushoni. Anafufuta disiki yonse, anaigawa pawiri mwa chizolowezi chawo, anaika Windows yatsopano, kenako anadzaza nyimbo za makwaya ndi mafilimu. Ine ndinali chiimire pa makina a fotokope.

A Nabanda anabwera dzuwa litapendeka, ali ndi kajumbo ka tomato. Abwana anawayatsira monyadira. Kabokosi kanalibe. Mayiwo anamwetulira koyamba tsikulo, n'kundiyang'ana ine.

"Tatsegula cha dzungu chija. Ndasankha chimenecho."

Abwana anatsegula D. Munali nyimbo zokhazokha. Anatsegula C, anasakasaka, osapeza kanthu. Kenako anandiyang'ana n'kufunsa chifukwa chimene sindinawauze. Funsolo linali loona.

Mayiwo sanakuwe, sanatukwane. Bola akanatukwana. Anakhala pa benchi n'kufunsa kawiri ngati kulibe njira ina. Ndinawapempha andisiyire laputopuyo. Masiku atatu ndinayendetsa pulogalamu yobweza zofufutidwa, magetsi akazima ndinkayambiranso. Koma banyira uja anali atalemba pamwamba pa zambiri. Ndinapeza zithunzi khumi ndi chimodzi. Zambiri zinali zodukaduka, theka imvi. Chimene chinatuluka chathunthu chinali cha bolodi la m'kalasi, lolembedwa masamu ndi dzanja la Esinati.

Loweruka ndinakwera njinga yamoto kupita ku Nathenje kukapereka ndekha. Abwana anati ali ndi zochita. Ndinawapeza a Nabanda akutonola chimanga pakhonde. Ndinagwada, ndinawauza zonse, kuti ndinkadziwa ndipo ndinakhala chete. Anayang'ana chithunzi cha bolodi chija nthawi yaitali.

"Ndinakuuza iweyo," anatero. "Bambo aja sindinawauze. Ndinakuuza iweyo."

Chiliza anamanga chopanda chithunzi. Ndinamva kwa mmisiri.

Ndinakhala kwa bambo Chimphepo miyezi ina inayi, koma sitinkayang'anananso bwino, ndipo ndinachoka. Sindiwada. Iwo analakwa posadziwa, ine ndinalakwa ndikudziwa, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Pano ndili ndi benchi yanga yokonzera makompyuta. Kabokosi kotere ndimakachotsa m'mphindi khumi: kuchotsa pulogalamu, kuzimitsa zodzuka ndi makina, kufufuta chotsalira mu Task Scheduler, kuyatsanso kawiri kuti nditsimikize. Koma ndisanadine chilichonse ndimafunsa mwini wake chimene chili m'katimo chomwe sangachipezenso kwina, ndipo ndimachikopera iye akuona. Wina akafuna kugwira makina amene ndalandira ine, kaya ndi wamkulu bwanji, kaya pali anthu angati, ndimaika dzanja pa kiyibodi mpaka atandimva.